Chingwe cha Kompyuta ya Apongozi

Ndinachoka ku koleji m'chaka chachiwiri, teremu yachiwiri, tsiku Lachiwiri. Ndimatchula zonsezi chifukwa anthu akamandifunsa amafuna tsatanetsatane, ngati ofunsa za maliro: kodi anadwala nthawi yaitali? Ayi, sindinadwale. Ndinalephera masamu kawiri, kenako sukulu ndi ine tinagwirizana mwamtendere kuti aliyense aone msana wa njira. Chimene ndinatuluka nacho ndi theka la maphunziro a zamakompyuta. Theka la maphunziro lili ngati theka la mlatho: ukaima patali umati mlatho ulipo.

Kuyambira pamenepo ndili ndi kabenchi kanga ku Area 1, pakhonde la sitolo ya nsalu, pomwe ndimakonza mafoni ndi malaputopu. Kubanja la akazi anga ndimadziwika kuti "bambo aja a mafoni". Alamu anga, achimwene awo a akazi angawo, amagwira ntchito ku City Centre m'nyumba yagalasi, ndipo amakhala ku Area 10, kumene agalu ali ndi dokotala wawo. Chaka chikhoza kutha osandiimbira. Ndiye tsiku limene anandiimbira okha, osadzera kwa mlongo wawo, ndinayamba ndafunsa ngati kwagwa zovuta.

"Kulibe maliro, alamu," anatero. "Kuli kajobu kanu. Zija munkaphunzira zija, musanapume."

"Ndikupumabe, alamu, koma nenani."

Nkhani inali ya apongozi anga aamuna. Iwo anagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina kufikira atapuma, ndipo ofesiyo itayamba kutaya makompyuta ake oyamba, anagulako imodzi pa okushoni. Kunja kwa ntchito anali mphunzitsi wa kwaya kumpingo kwawo ku Old Town, ndipo nyimbo zambiri zimene kwayayo inkaimba ankapeka okha. Iliyonse ankaitayipa m'kompyuta ija ndi kuisindikiza. Mapepala a oimba anatha monga amathera mapepala: ena ananyowa, ena anakulungira zitumbuwa. Katoni imene munali mapepala awoawo inadyedwa ndi chiswe chaka chimene apongozi aakazi anamwalira, pamene m'nyumba munalibe wosuntha katundu posesa. Kenako sitiroko inabwera, inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu onse. Alamu anawatengera ku Area 10.

Tsopano a kumpingo anaganiza zowachitira mwambo wowathokoza akadali moyo, kwaya iwaimbire nyimbo zawo iwo akumva. Koma abambo amene ankaimba besi ndi tena ambiri anali atagona kumanda, ndipo amayi otsalawo ankakumbukira apa ndi apo. Malo okhawo amene nyimbozo zinatsala zathunthu anali m'mimba mwa kompyuta ija.

Ndinakaiona Loweruka kwa alamu. Inali ndi mtundu wa mano a munthu wosuta fodya, yolemera ngati thumba la simenti. Sikilini yake inali itapsa kale; alamu anaiyatsa kuti aonetse ana awo mbiri yakale, ndipo anawo anaona utsi. Sikilini ina yolowa pa pulagi ya mtundu umenewo mu Lilongwe simungaipeze, ndinafufuza. Polowetsa madisiki aja ofewa, mavu anali atamangapo nyumba yadothi. Disiki yam'kati, yosungira zonse, inali ya mtundu umene kompyuta ya lero siidziwa n'komwe. Koma nditaiyatsa inalira ngati chigayo chakutali, kenako inati pii, pii. Inali moyo, yakhungu chabe.

Pamwamba pake panali kapepala komata ndi selotepu yofiirira, kolembedwa ndi dzanja la apongozi pamene dzanjalo linkamvera: "Yatsani. Dikirani ilire kawiri. Dinani P. Lembani nambala ya nyimbo. Dinani batani lalikulu." Anali malangizo osindikizira. Pulinta yake inafa kalekale, koma kumbuyo kwa kompyuta kunali polumikizira pake, pa timano makumi awiri ndi tisanu. Polumikizira potero amati siliyo: zilembo zimatuluka chimodzichimodzi pa waya mmodzi, ngati anthu otsika minibasi. Apa theka la maphunziro anga linadzuka ndi kuvala tayi. Ndinauza alamu kuti laputopu yanga idzanamizira kukhala pulinta, nkhalambayo idzasindikiza, ine ndidzawola.

"Masiku angati?"

"Masana amodzi," ndinatero, ndi mawu a dokotala.

Chingwe ndinakachipeza ku msika wa Tsoka, kwa mkulu wina wogulitsa mawaya a zinthu zimene zinafa kale. Anachisolola pansi pa mulu wa machaja ngati akuzula chinangwa.

"Ichi ndi cha chiyani, achimwene?" ndinafunsa powayesa.

"Cha chilichonse, bwana. Kompyuta, sikelo, makina a kuchipatala. Olijino ichi."

"Chimagwira?"

"Chikakana ndiye kuti vuto ndi kompyuta yanuyo. Chingwe sichinama, amanama ndi anthu."

Lolemba masana ndinakwera minibasi, ndinatsikira pamsewu waukulu ndi kuyenda pansi mtunda wotsalawo, chifukwa ku Area 10 minibasi sifika pakhomo. Amaganiza kuti aliyense wopita kumeneko ali ndi galimoto kapena ndi mlonda. Alamu ndi akazi awo anali kuntchito. M'nyumba munali mayi wantchito ndi apongozi, amene masana ankawakhazika pabalaza pa njinga yawo ya odwala.

Apa ndiyenera kufotokoza mmene ndinakhalira, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Mayi anga ndi munthu wa kumudzi, ndipo ndisanakwatire anandikhazika pansi nandiphunzitsa za apongozi: sukhala nawo mpando wofanana, suwayang'ana kumaso, ukamayankhula nawo maso ako azikhala pansi. M'tauni ambiri anazisiya zimenezi. Alamu anga amawagwira apongozi awo paphewa ndi kujambulitsa nawo. Koma iwo ali ndi digiri ndi galimoto. Ine kubanja limenelo ndinalowa ndi ulemu wokha, ndiye ndinkausamala ngati satifiketi. Ndinakoka katebulo kakang'ono kufupi ndi soketi, ndinakhala pansi pa kapeti, chammbali patsogolo pawo, nkhope kukhoma. Apongozi anali kumbuyo kwa phewa langa lamanja. Sikilini ya laputopu ankaiona bwinobwino. Ine sindinkawaona.

Ndinalumikiza, ndinayatsa, inalira kawiri. P, 1, batani lalikulu. Pa laputopu panalibe kanthu. Ndinayesa kasanu. Ndinapukuta timano ndi mswachi, ndinauzira mpweya, ndinagwedeza chingwe, zonse zimene akatswiri timachita tisanavomere kuti sitikudziwa. Zii.

M'mawa mwake ndinapita kwa madala ena achisilamu amene amakonza mawailesi kuseri kwa masitolo a nsalu, anthu amene anayamba ntchitoyi wailesi zikadali ndi mababu m'kati. Amanditcha injiniya, ndipo sindinadziwebe ngati amandilemekeza. Anayeza chingwe chija ndi mita yawo, waya ndi waya, magalasi ali pamphuno.

"A injiniya, chingwechi chilibe mlandu. Anachipangira bwana ndi wantchito wake. Inu mwalumikiza mabwana awiri."

"Ndiye kuti bwanji, madala?"

"Kadzino kachiwiri ndi kadzino kachitatu ka pulagi. Kena ndi pakamwa, kena ndi khutu. Inu pakamwa mwalumikiza ndi pakamwa, khutu ndi khutu. Onse akuyankhula, womva palibe."

"Ngati msonkhano wa banja."

"Kwanu kapena. Kwathu timasinthana."

Anatsegula pulagi, anasinthanitsa mawaya awiriwo ndi kuwotcherera ndi mtovu. Kenako anati makina akale ali ndi mwambo: sayamba kutumiza kanthu pulinta isanayankhe kuti ndilipo, ndakonzeka. Laputopu ya lero mwambo umenewo siiudziwa. Ndiye anawotcherera kawaya kena kakafupi m'pulagi momwemo, kuti kompyutayo ikafunsa izidziyankha yokha.

"Kumeneko si kunamiza akuluakulu, madala?"

"Inu mukagogoda pakhomo panu, mkazi wanu kulibe, mumagona panja?" Anandipatsa chingwe. "Ikamayaka ikulira bwanji?"

Ndinawayeserera kulira kwake, pakhonde, anthu akudutsa. Ndinaonjezera kakugogoda kena kamene ndinkamva m'kati: tiki, tiki.

Anavula magalasi. "Imeneyo musamaiyatse pafupipafupi. Nkhalamba imatopa podzuka, osati poyenda."

Masana amenewo chingwe chinayankhula. Nditadina batani lalikulu, sikilini ya laputopu inadzaza ndi timabokosi, timitima takuda, zilembo za zipewa ndi michira. Ndinasangalala, chifukwa zinyalala zimenezi ndinkazidziwa. Makina awiri akamatumizirana pa siliyo ayenera kugwirizana liwiro. Wina akathamanga, winayo amamva phokoso. Ndinali pa 9600. Ndinatsitsa pa 4800: timabokosi. Pa 2400: timabokosi tina. Vuto linali lakuti nyimbo imodzi ikatha kutuluka, kompyutayo inkaima kudikira chinthu chimene inkandifunsa pa sikilini imene kunalibe. Sindinkadziwa choyankha, ndiye ndinkaizimitsa ndi kuiyatsanso. Mawu a madala aja ndinkawakumbukira nthawi iliyonse, ndipo nthawi iliyonse ndinkati aka n'komaliza.

Pa 1200 timabokosi tinasowa. Panatuluka zilembo zenizeni, koma zopanda mutu. Kutsogolo kwa mzere kunali timivi ndi tizizindikiro ta pulinta, kenako zinthu ngati izi:

d :d .r | m :- .m | s :f .m | r :- | -

Mizere inayi, mpata, mizere ina inayi, mpaka pansi. Mawu ngakhale amodzi panalibe.

Ndinagwedeza mutu ngati munthu woona zimene ankayembekezera. Phunziro limeneli ku koleji ndinalipo, ndinakhala kutsogolo. Anatiuza kuti liwiro likalakwika umaona timabokosi, koma liwiro likakhala bwino pamene kawerengedwe ka tizidutswa ta chilembo kasiyana, wina akuwerenga tisanu ndi tiwiri, wina tisanu ndi titatu, umaona zilembo zooneka bwino koma zopanda tanthauzo. Ndinali ndi matenda, ndinali ndi dzina lake. Ndinkadikira mawu amodzi okha kuti ndidziwe kuti zatheka: Ambuye, Yehova, Aleluya. Nyimbo ya kutchalitchi ingathe bwanji mizere makumi awiri osatchula Ambuye? Ndinafufuta sikilini, ndinasintha kawerengedwe, ndinayesa nambala 2.

Pa pulogalamu imene ndinkagwiritsa ntchito pali kabokosi kamene ukachonga, chilichonse chofika chimasungidwa. Ndinkakadziwa. Sindinakachonge. Munthu waukhondo sasunga zinyalala.

Nthawi imeneyo ndi pamene kugogoda kunayamba kumbuyo kwanga. Apongozi ankavala mphete yaukwati kudzanja lamanzere, dzanja lotsalalo, ndipo anayamba kuimenyetsa pa chitsulo cha njinga yawo. Go, go-go, go. Go, go-go, go. Zilembo zikamatsika pa sikilini, kugogoda kunkapitirira. Ndikatambasula dzanja kuti ndifufute, kunkafulumira, ndipo pakhosi pawo pankatuluka kaphokoso kamene sikanali mawu.

Ndinamva bwino lomwe zimene ankanena. Ndinali nditazimva zaka zonse za ukwati wanga popanda wozinena: mwana wanga wamkazi, wa sekondale ya boma, anakatola ichi. Ndinayankha kapeti mwaulemu wonse.

"Pepani bambo. Zatsala pang'ono kutheka."

Ndinafufuta.

Kugogoda kukakula, mayi wantchito ankabwera kuchokera kukhitchini akupukuta manja. "Atopa awa. Phokoso la makina anuwa likuwasokoneza." Ankawakankha kupita nawo kuchipinda. Tsiku lachiwiri ndinamva njinga itaima pakhomo, mayi uja akuti, "Agogo, siyani chitseko. Siyani, mupweteka dzanja." Ine maso anali pa kapeti. Kapeti ya alamu ndimaidziwa bwino kuposa munthu aliyense wamoyo: ili ndi maluwa ofiira asanu ndi limodzi pa mzere, ndipo pakona pali pamene panapsa ndi ayironi.

Ndinachita zimenezi masana atatu. Popeza ndinkaganiza kuti mwina nyimbo zina zinaonongeka m'disiki, sindinkabwereza nambala. Ndinkapita patsogolo, mwadongosolo, monga anatiphunzitsira. Ndikasintha kawerengedwe, timabokosi tinkabwerera, ndiye ndinkabwerera pa 1200 pomwe paja, n'kuyesa nambala yotsatira, n'kuona zilembo zopanda mutu zija, n'kufufuta. Ndinali ndi kope lomwe ndinkalembamo zonse: nambala, liwiro, kawerengedwe, zotsatira. Kopelo ndikadali nalo. M'danga la zotsatira mwalembedwa mawu amodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi dzanja langa labwino: zinyalala, zinyalala, zinyalala. Madzulo alamu akafika ankandipeza ndikukulunga chingwe.

"Masana amodzi aja ndi ano, alamu?"

"Zinthu zakale zimafuna kuleza mtima."

"Ngati digiri," anatero, akupatsa galu bisiketi.

Lachinayi amayi a kumpingo anabwera kudzaona wodwala, asanu, atavala zoyera. Mayi wantchito anawalozera masofa, koma mmodzi wa iwo, wachikulire, wamfupi, wa magalasi okhuthala, anati msana wake sugwirizana ndi mipando yonyenga, ndipo anakhala pansi pa kapeti pafupi ndi ine. Ndinamva kenako kuti anaimba alito m'kwaya ya apongozi kuyambira ali mtsikana. Ndinawapatsa moni, ndinapepesa chifukwa cha phokoso, ndinati ndingomaliza iyi imodzi kuti apemphere bwino. Inali nambala 43. Zilembo zinatsika. Kugogoda kunayamba. Ndinatambasula dzanja.

"Akamwini, tadikirani. Musakhudze."

Anasendera, anakweza magalasi, mphuno pafupi ndi sikilini. Milomo yawo inayamba kugwedera. Kenako chapansipansi ndinamva: "Do, do re mi, mi so fa mi re." Anabwereza, mokweza pang'ono. Mayi wina pasofa anati, "Iii, ija ya pa Pasaka ija!" nayamba kuimba ndi mawu ake. Ena atatu analowa. Ndipo mphete ija kumbuyo kwanga inkagunda chitsulo pamalo pake penipeni, go, go-go, go, osaphonya, kuwatsogolera amayi asanu monga inkachitira zaka zonse.

Sankanditukwana. Ankaimbitsa kwaya.

Ine ndinakulira mumpingo wa kiyibodi ndi ng'oma, kumene nyimbo umaiphunzira potsatira amene akukuwa kwambiri. Solofa, kalembedwe ka nyimbo ka do re mi, ndinangoiona kamodzi kapena kawiri pa bolodi ku pulayimale, ya choko, mawu ali pansi pake. Sindinaganizepo kuti ingatuluke pa waya. Mizere inayi ija inali sopulano, alito, tena ndi besi.

"Nanga mawu ali kuti, mayi?" ndinafunsa, ngati kuti panali pothawira.

"Mawu ankalemba ndi bolopeni akasindikiza. Ankati makinawa sadziwa kuika phatikizo pansi pa noti yake, amasokoneza oimba. Mawu tili nawo ife m'mutu, mwana wanga, ambiri ndi a m'Masalimo. Chimene tinataya ndi ichi." Anagogoda sikilini ndi chikhadabo. "Mulungu akudalitseni. Mwapeza zingati?"

Amayi asanu anandiyang'ana. Kumbuyo kwanga mphete inasiya kugunda.

"Tayamba kumene, mayi," ndinatero.

Ndinachonga kabokosi kaja. Ndinasunga 43 imene inali pa sikilini. Ndinawerengera mumtima: palibe chatayika, zonse zili m'disiki, ndingoyambiranso pa 1, mawa lomwe ndamaliza, palibe adzadziwe. Ndinati ndiyambe ndatenga 44 poti ndinali pomwepo. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Chigayo chija chinachedwa kudzuka. Pii, pii. P, 44, batani lalikulu. Mizere inayamba kutsika, inayi, inayi ina, inayi ina. Mayi wa alito anali atayamba kale kung'ung'udza. Kenako tiki, tiki, tiki, tiki, ngati munthu akukhomerera msomali waung'ono m'kati mwa bokosi, ndipo zilembo zinaima pakati pa mzere wa tena.

Ndinadikira. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Sinalirenso kawiri. Inalira kamodzi, kotalika, n'kusiya. Amayi aja anaganiza kuti ndi mmene imachitira, ndipo anayamba pemphero. Anapempherera wodwala, eni nyumba, dziko, ndi manja a mkamwini amene Mulungu wawapatsa nzeru. Ndinati amen.

M'mawa mwake ndinainyamula pa kabaza mpaka ku Old Town. Madala a mawailesi anaitsegula, anaika nsonga ya sikuludiraiva pa disiki, chogwirira kukhutu, ngati namwino. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Munaiyatsa kangati, a injiniya?"

"Kangapo."

"Kangapo ka anthu, kapena kangapo ka ku koleji?"

Ndinawaonetsa kope. Anatsegula masamba, akuwerenga mizere ndi chala. Sanaseke, ndipo ndikanakonda akanaseka. Anangoti singano yowerengera yakhudza mbale ya m'disiki, yakanda, ndipo zimene zinali pamenepo tsopano ndi fumbi. Anandibwezera kopelo ndi manja awiri.

Nyimbo makumi anayi ndi ziwiri. Sizinatayike m'chiswe, sizinatayike mu utsi wa alamu. Zinatuluka bwinobwino, zathunthu, mawu onse anayi, zinayenda pa chingwe chimene chinalibe vuto lililonse, zinafika pa laputopu yanga. Mwini wake anaziwerenga imodziimodzi pamwamba pa phewa langa, anaziimbitsa ndi mphete, ndipo ine ndinazifufuta pamaso pake ndikupepesa. Munthu wopanda mwambo akanacheuka tsiku loyamba lomwelo n'kunena kuti, kodi madala mukugogoda chiyani? Akanaona kumene maso awo akuyang'ana. Ine ndinaleredwa bwino.

Mwambo wothokoza unachitika patapita masabata atatu. Kwaya inaimba 43 yonse, ndi 44 mpaka pamene inathera. Mayi wa alito anakana kuti wina aimalizitse, anati nyimbo ya munthu wamoyo sumuikira mchira. Zina zinayi anaziimba za m'mutu, amayi okhaokha, wa kiyibodi akusakasaka pansi pake ngati wofuna ndalama yagwera m'udzu. Abambo a besi anangoima manja kumbuyo, kuyasamula pakamwa pamene akuganiza kuti pakuyenera. Abusa anandiimiritsa. Anati pamene akatswiri onse analephera, mkamwini wa m'banjamo anapulumutsa nyimbo ziwiri m'kamwa mwa imfa. Anthu anaomba m'manja. Alamu, amene paubatizo wa mwana wanga anafika mochedwa, anaimirira kundikumbatira pamaso pa mpingo, ndipo kunja ankauza anzawo a ku City Centre kuti m'banja mwathu muli jiniyasi, kungoti sukulu za kuno sizidziwa kusunga anthu otere. Ulemu umene ndinaufunafuna zaka zisanu ndi zitatu ndinaulandira tsiku limenelo, wonse, pa mbale. Mboni yokhayo inali kutsogolo pa njinga, itavekedwa suti, ndipo siyankhula.

Ndikanatha kukhala nazo choncho mpaka kalekale. Ndinakhala nazo kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Tinkayenda pansi ndi akazi anga kupita kokwerera minibasi, dzuwa lili paliwombo, iwo atanyamula nsapato zawo zazitali m'manja atavala patapata. Ankanena kuti sanaonepo achimwene awo akundiyamikira chotero, ndipo mwina tsopano zinthu zisintha. Pamenepo ndinawauza. Ndinayamba ndi za liwiro ndi kawerengedwe, monga munthu amene akufuna kuti womvera atope asanafike pa mutu wa nkhani, koma sanatope. Ndinanena za kabokosi, za mphete, za chitseko. Anaima pakati pa anthu, wa kabaza wina anawatukwana, sanamumve.

"Zonse zinatuluka?"

"Zonse, mpaka 42."

"Inu munaziona ndi maso anu."

"Ndinaziona."

"Ndi bambo anaziona."

Anayang'ana kumtsinje, kumene amayi ena ankachapa makaroti ogulitsa.

"Nyimbo ija bambo anatipekera paukwati wathu," anatero, "ija anaimba potuluka m'tchalitchi, ine ndikulira mpaka zopaka kumaso kusungunuka. Inali nambala chani?"

Ndinali nditaiwala kuti kunali nyimbo yotero. Tsiku laukwati ndinali wotanganidwa ndi kuyang'ana pansi.

"Sindikudziwa, mayi a mwana."

"Simukudziwa."

Anavala nsapato zazitali zija pomwepo, imodzi kenako inzake, atagwira chitsulo cha mlatho, osagwira ine. Anati ndipite kunyumba ndikatenge mwana kwa aneba, mpunga uli m'poto. Iwo anawoloka msewu, kukakwera minibasi yopita ku Area 10.